Kodi Ndi Mwana Amene Ayenera Kusinthidwa?

Kumapeto kwa mwezi wa Novembala mu 2018, msonkhano waukulu wa asayansi oona za kusintha chibadwa cha munthu utatsala pang'ono kuyamba ku Hong Kong, wofufuza wina wa mumzinda wa Shenzhen ku China dzina lake He Jiankui anaika mavidiyo pa YouTube olengeza kuti kwabadwa ana aakazi awiri, amapasa, amene iye anawasintha majini, omwe ndi malangizo a chibadwa a m'thupi, adakali miluza m'labotale. Mayina awo enieni sanawatchule, koma anawapatsa mayina ongoyerekezera akuti Lulu ndi Nana. Pa 28 Novembala anaima pamaso pa asayansi anzake pamsonkhanowo n'kufotokoza zimene anachita, ndipo anaululanso kuti panali mayi wina amene anali woyembekezera, yemwe mwana wake anadzabadwa mu 2019. Aka kanali koyamba kuti kubadwe anthu amene malangizo a chibadwa chawo anasinthidwa dala ndi dzanja la munthu, m'njira yoti kusinthako kungadzapitirire kwa ana awo ndi kwa zidzukulu zawo.

Nkhani za ukadaulo wowonjezera mphamvu za munthu n'zambiri masiku ano. Pali tizipangizo toika mu ubongo, pali mankhwala okulitsa minofu, ndipo pali olemera amene akuwononga chuma chochuluka pofuna kuchedwetsa ukalamba. Koma pa zonsezi, nkhani ya ku Shenzhen ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa chimene He Jiankui ananena kuti akulimbana nacho ndi kachilombo ka HIV. Kwa ife amene tinakula tikuona maliro akutsatizana m'midzi ndi m'matauni chifukwa cha Edzi, munthu akabwera n'kunena kuti wapeza njira yoti mwana abadwe wosagwidwa ndi kachilomboka moyo wake wonse, mtima umafuna kumuombera m'manja usanamve n'komwe mmene wachitira. N'chifukwa chake ndikuona kuti ndi bwino kuiunika nkhaniyi modekha, pakuti ndimakhulupirira kuti zimene anachitazo zinali zolakwika kwambiri, ndipo kulakwa kwake sikunathere pa kuswa malamulo a dziko lake.

Njira imene anagwiritsa ntchito imatchedwa CRISPR-Cas9. Asayansi Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier ndi amene anasonyeza mu 2012 kuti njirayi, imene mabakiteriya amadzitetezera nayo ku mavairasi, ingagwiritsidwe ntchito ngati lumo lodulira DNA, ulusi wa m'maselo umene umasunga majini, pamalo amene munthu wasankha, ndipo mu 2020 awiriwa analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. DNA ikadulidwa, selo limayesetsa kulumikiza pamene padukapo, ndipo polumikizapo nthawi zambiri limataya kapena kuwonjezera tizidutswa tina, moti jini imene inali pamalopo imaleka kugwira ntchito. He Jiankui analunjika pa jini yotchedwa CCR5, imene imapanga kapuloteni kokhala pamwamba pa maselo ena oteteza thupi. Mitundu yambiri ya HIV imadalira kapuloteni kameneka kuti ilowe m'selo. Pali anthu ena, makamaka ochokera kumpoto kwa Ulaya, amene amabadwa jini imeneyi ili yopereweza tizidutswa 32, ndipo amene anatengera kuperewezaku kwa makolo onse awiri, omwe ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse kumaderako, satenga HIV mosavuta. Timothy Ray Brown, amene ankadziwika kuti wodwala wa ku Berlin, anachira HIV atamuika maselo a m'mafuta a m'mafupa ochokera kwa munthu wotereyu mu 2007, pamene madokotala ankamuthandiza khansa ya m'magazi. Choncho maganizo a He Jiankui sanachokere m'maloto, anali ndi maziko ake m'sayansi.

Vuto loyamba, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, ndi lakuti ana amenewa sankadwala ndipo sanali pangozi yobadwa ndi kachilomboka. M'mabanja onse amene analowa m'kafukufukuyu, bambo ndi amene anali ndi HIV, mayi analibe. Umuna wa abambowo unatsukidwa m'labotale usanaphatikizidwe ndi mazira a amayi, ndipo njira yotsukayi inali itagwiritsidwa kale ntchito kwa zaka zambiri poteteza mayi ndi mwana. Kuwonjezera apo, pofika 2018 dziko lonse linali litadziwa kale kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kusiya kuoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Umboni wina waukulu wa zimenezi unachokera kwathu konkuno. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene anachitika m'mayiko angapo kuphatikizapo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anasonyeza mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa ndi 96 peresenti mwayi wopatsira mwamuna kapena mkazi wako. Chaka chomwecho dziko la Malawi linakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV a moyo wonse popanda kudikira kuti chitetezo chake chitsike, ndipo mayiko ambiri anadzatengera ndondomekoyi. Ana ochuluka abadwa opanda kachilombo kuchokera kwa amayi amene ali nako, pa zipatala zazing'ono za kumudzi, popanda wina kukhudza majini awo.

Choncho zimene zinachitika ku Shenzhen sizinali kuchiza. Kunali kuyesa kuwonjezera pa mwana wabwinobwino mphamvu imene anthu ambiri alibe, pomuteteza ku ngozi imene mwina akanadzakumana nayo atakula, kapena sakanakumana nayo n'komwe. He Jiankui mwiniwake ankadziwa zimenezi, ndipo pofotokoza chifukwa chake anatchula kusalidwa kumene anthu amene ali ndi HIV amakumana nako ku China, monga kuchotsedwa ntchito ndi kukanizidwa thandizo kuchipatala. Sindikukayika kuti kusalidwako kunalipo, ndiponso sindikukayika kuti bambo amene walawa kuwawa kwa tsankho angafune ndi mtima wonse kuti mwana wake asadzaone zimene iye waona. Koma tiyeni tione pamene mankhwalawo anapakidwa. Nthenda inali m'mitima ya olemba ntchito, ya madokotala ena ndi ya oyandikana nawo nyumba, koma amene anadulidwa ndi mwana, amene sanasale munthu aliyense. Anthu achikulire amene akanatha kuphunzitsidwa, kudzudzulidwa kapena kuimbidwa mlandu anasiyidwa mmene analili, ndipo katundu yense wokonza nkhanza zawo anasenzetsedwa kwa munthu amene anali asanabadwe. Ndikaganizira za ukadaulo wowonjezera mphamvu za munthu, apa ndi pamene mantha anga amagona, pakuti umatipatsa njira yosinthira wozunzidwa m'malo moletsa wozunza, ndipo njira imeneyi imaoneka ngati chifundo.

Ngakhale tikanati cholingacho chinali chabwino, ntchito yeniyeniyo sinayende monga mmene analengezera. Asayansi amene anaona zotsatira zake anapeza kuti palibe mwana amene analandira kusintha kofanana ndendende ndi kuja kwa tizidutswa 32 kumene kumapezeka mwachibadwa ku Ulaya. M'malo mwake anawo ali ndi kusintha kwatsopano kumene sikunayesedwepo mwa munthu, ndipo mwa mmodzi wa amapasawo mbali imodzi yokha mwa ziwiri zimene mwana amatengera kwa bambo ndi kwa mayi ndi imene inasinthika, kutanthauza kuti kapuloteni kamene HIV imalowera kadakalipo m'thupi mwake. Panalinso zizindikiro zoti si maselo onse a miluzayo amene anasinthika mofanana. Komanso CRISPR nthawi zina imadula pamalo amene sanafunidwe, ndipo kuyeza maselo ochepa otengedwa pa mluza sikungatsimikize kuti ena onse otsalawo ali bwino. Jini ya CCR5 nayonso siinakhale m'thupi kuti izingodikira HIV, ili ndi ntchito yake poteteza thupi, ndipo anthu amene alibe kapuloteni kake amadwala kwambiri akagwidwa ndi vairasi ya West Nile. Pomaliza, pali mitundu ina ya HIV imene imalowera khomo lina lotchedwa CXCR4, moti ngakhale ntchitoyo ikanayenda bwinobwino, chitetezocho sichikanakhala chathunthu.

Nkhani ya chilolezo cha makolo imandipweteka mwapadera. Mabanjawo anapezeka kudzera ku gulu lothandiza anthu amene ali ndi HIV, ndipo chikalata chimene anasainira chinkatchula ntchitoyo ngati kafukufuku wopanga katemera wa Edzi. Pa nthawiyo malamulo a ku China sankalola amuna amene ali ndi HIV kuthandizidwa kubereka kudzera m'njira zophatikiza umuna ndi dzira m'labotale, choncho kwa mabanjawa kafukufukuyu anali khomo lolowera kumene anawatsekera, ndipo zonse zinali zaulere. Munthu amene wakhala zaka akulakalaka mwana, wina n'kumuuza kuti mwanayo amupeza popanda kulipira, ndiponso kuti adzabadwa wotetezeka ku nthenda imene yasautsa banja lake, sawerenga chikalata ndi maso a munthu amene ali ndi ufulu wokana. Amene anagwirapo ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo m'madera osauka amalidziwa vutoli, kuti siginecha kapena chidindo cha chala sizitanthauza kuti munthu wamvetsa, ndipo ngakhale atamvetsa, umphawi kapena kusowa pogwira zimatha kumuvomeretsa zimene akanakana. Pa nkhani yosintha mluza pali vuto lina loposa pamenepa, lakuti mwiniwake wa thupi losinthidwalo sangafunsidwe, ndipo ana ake amene adzatengere kusinthako sangafunsidwenso.

Pa 30 Disembala 2019 khothi la ku Shenzhen linagamula kuti He Jiankui akakhale kundende zaka zitatu ndi kulipira chindapusa cha ndalama za ku China zokwana 3 miliyoni yuan, pa mlandu wochita ntchito zachipatala popanda chilolezo. Khothilo linapezanso kuti zikalata zosonyeza kuti komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku yavomereza ntchitoyo zinali zachinyengo. Anzake awiri, Zhang Renli ndi Qin Jinzhou, analandira zilango zocheperapo. Iye anatuluka m'ndende mu Epulo 2022 ndipo anayambanso kulankhula poyera za kafukufuku wa majini. Chimene sindifuna kuti chiiwalike n'chakuti sanachite zonsezi ali yekhayekha m'chipinda chotseka. Anaphunzira ku Rice University ndi ku Stanford, ndipo asayansi angapo a ku America ankadziwa zimene ankakonza, ena ankadziwanso kuti mimba yaima. Ena mwa iwo anamulangiza kuti asiye, koma nkhaniyo siinafike kwa amene akanatha kumuletsa. Ana atatuwo tsopano ndi a msinkhu wopita kusukulu. Mu 2022 akatswiri awiri a ku China oona za chilungamo pa zachipatala, Qiu Renzong ndi Lei Ruipeng, anapempha boma kuti likonze dongosolo lowasamalira ndi kumawayeza, koma ena anadandaula kuti zimenezi zingachititse anawo kukula akuyang'aniridwa ngati zinthu zofufuzidwa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo anawo anaikidwa pakati pa mavuto awiriwa asanaone dzuwa.

Pali anthu anzeru amene angatsutse zimene ndikunenazi, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Amanena kuti malire a pakati pa kuchiza ndi kuwonjezera mphamvu ndi ongoganizira. Katemera wa chikuku amaperekedwa kwa mwana amene sakudwala, pomupatsa chitetezo chimene sanabadwe nacho, ndipo mwanayo safunsidwa, komabe tonse timaona kuti mayi amene wapita naye kusikelo wachita bwino. Katswiri wa nzeru za makhalidwe wa ku Australia, Julian Savulescu, analemba mu 2001 kuti makolo amene ali ndi mwayi wosankha pakati pa miluza ali ndi udindo wosankha umene ukuoneka kuti udzakhala ndi moyo wabwino kuposa inayo. Kwa anthu oganiza motere, kukana ukadaulo umene ungachepetse kuvutika ndi kumene kuli kulakwa, ndipo kunena kuti tisaseweretse chilengedwe ndi mantha chabe, omwe anthu anali nawonso pamene Louise Brown, mwana woyamba wochokera ku dzira lophatikizidwa m'labotale, anabadwa ku England mu 1978.

Ndikuvomereza kuti malirewo si owongoka, ndipo sindikhulupirira kuti chilichonse chachibadwa n'chabwino, pakuti malungo nawonso ndi achibadwa. Koma katemera amasiyana ndi kusintha mluza m'njira zimene sitingazinyalanyaze. Katemera amayesedwa pa anthu masauzande ambiri asanafike kwa mwana, kuipa kwake kukaoneka amasiyidwa, ndipo sapitirira kwa mbadwo wotsatira. Amaperekedwanso kwa aliyense, mwana wa mlimi ndi mwana wa nduna, ndipo akafalikira amateteza ngakhale amene sanabayidwe. Kusintha mluza sikungabwezedwe, kuipa kwake kungadzaoneke patapita zaka 40 kapena mwa mdzukulu, ndipo phindu lake limapita kwa mwana mmodzi yekha wa makolo amene akwanitsa kulipira. Pa mfundo ya Savulescu, funso langa lili pa mawu akuti moyo wabwino. Moyo umakhala wabwino kapena wowawa malinga ndi mmene anthu ozungulira akuchitira nawe. M'dziko limene akazi amaponderezedwa, mluza wamwamuna ndi umene ungaoneke kuti udzakhala ndi moyo wabwino, ndipo m'dziko limene khungu lakuda limanyozedwa, woyererapo ndi amene angasankhidwe. Mfundoyi ikatsatiridwa mpaka kumapeto, tsankho lililonse limene lilipo lero lingasanduke lamulo losankhira ana a mawa.

Zimenezi sizongopeka. M'zaka za m'ma 1900 mayiko otukuka anayesapo kukonza mtundu wa anthu, potsatira maganizo amene wasayansi wa ku England, Francis Galton, anawapatsa dzina lakuti eugenics mu 1883. Mu 1927 khothi lalikulu la ku America, pa mlandu wa Carrie Buck, linavomereza kuti boma lingatseke munthu kuti asabereke ngati laona kuti ndi woperewera nzeru, ndipo anthu oposa 60,000 anatsekedwa m'dzikolo. Ku Germany lamulo la 1933 linachititsa kuti anthu pafupifupi 400,000 atsekedwe mokakamiza. Amene ankachita zimenezi anali madokotala, oweruza ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, ndipo ankakhulupirira kuti akuthandiza mibadwo ya m'tsogolo. Ochirikiza ukadaulo wa lero amati kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wosankha ndi kholo, osati boma. Kusiyanako kulipodi ndipo n'kofunika, koma kholo silisankha lili m'chipululu. Limasankha likudziwa amene amalembedwa ntchito ndi amene amakanidwa, amene amasekedwa kusukulu ndi amene amatamandidwa.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chimene chimandithandiza kuona bwino nkhaniyi. Kuyambira kumapeto kwa 2014 anthu achialubino anayamba kusakidwa, kubedwa ndi kuphedwa, ndipo bungwe la Amnesty International linalengeza mu 2016 kuti anthu osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi. Tiyerekeze kuti pa nthawi imeneyo kunabwera katswiri n'kuuza makolo kuti angathe kuonetsetsa kuti mwana wawo asabadwe wachialubino, kuti asadzagwe m'manja mwa achiwembu. Sindingaweruze mayi wamantha amene akanavomera. Koma dziko limene likanalandira njira imeneyo ngati yankho likanakhala likuuza nzika zake zachialubino kuti vuto ndi kukhalapo kwawo. Chimene anthuwa ankafuna, ndipo akufunabe, ndi chitetezo, chilungamo m'makhothi, mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa, thandizo la maso ndi mpando wakutsogolo m'kalasi. Zonsezi ndi ntchito ya ife achikulire, ndipo palibe chimene chimafuna kusintha mwanayo.

Ndisamveke ngati wodana ndi CRISPR, chifukwa njira yomweyi yachita chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri. Mu 2019 mayi wina wa ku Mississippi, Victoria Gray, amene anavutika ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell kuyambira ali wakhanda, analola kuti madokotala atenge maselo ake opanga magazi, awasinthe m'labotale kuti ayambenso kupanga mtundu wa himogulobini (puloteni yonyamula mpweya m'magazi) umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, kenaka awabwezere m'thupi mwake. Ululu woopsa umene unkamugoneka m'chipatala kawirikawiri unatha. Chithandizochi, chotchedwa Casgevy, chinavomerezedwa ku Britain mu Novembala 2023 ndi ku America mu Disembala chaka chomwecho. Apa pali wodwala weniweni, wamkulu, amene anauzidwa zoopsa zake n'kusankha yekha, ndipo kusinthako kunathera m'thupi mwake osapita kwa ana ake. Sichithandizo chophweka, pakuti wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu a khansa opha maselo akale a m'mafupa, ndipo mankhwalawo angathe kumusiya wosabereka. Komabe munthu amene akuvutikayo ndi amene amayeza phindu ndi kuipa kwake.

Chimene chimandisowetsa mtendere pa Casgevy ndi mtengo wake, umene ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi. Chaka chilichonse padziko lapansi pamabadwa ana oposa 500,000 amene ali ndi sickle cell, ndipo pafupifupi anayi mwa asanu alionse amabadwira mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ambiri ku Nigeria ndi ku Democratic Republic of Congo. Masauzande ambiri a anawa amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, nthawi zina makolo asanauzidwe n'komwe dzina la nthendayo. Zimene zingawapulumutse n'zodziwika ndipo n'zotsika mtengo, monga kuyeza magazi mwana akangobadwa, penisilini, katemera, kuteteza malungo ndi mankhwala a hydroxyurea, amene kafukufuku wochitika ku Angola, ku Congo, ku Kenya ndi ku Uganda anasonyeza kuti amagwira bwino ntchito mwa ana a mu Africa. Ngati chithandizo chochiza nthenda yathu yomwe chili kutali chonchi ndi ife, palibe chifukwa choganizira kuti ukadaulo wowonjezera nzeru kapena mphamvu, utati watheka, udzagawidwa mwachilungamo. Kusiyana kwa olemera ndi osauka lero kuli m'sukulu, m'zakudya ndi m'zipatala, ndipo mwana wa wosauka nthawi zina amadumpha mpanda umenewu. Kusiyanako kukadzalembedwa m'majini n'kumapatsirana ku mibadwo, mpandawo udzakhala wa mtundu wina.

Ndi zoona kuti sayansi idakali kutali ndi kupanga mwana wanzeru kapena wamtali mwa kufuna. Kafukufuku wa 2022, amene anaunika anthu oposa 5 miliyoni, anapeza malo pafupifupi 12,000 m'DNA amene amakhudza kutalika kwa munthu, ndipo nzeru ndi nkhani yovuta kuposa pamenepo, imene imadaliranso chakudya, maphunziro ndi kaleredwe. Koma msika sudikira kuti sayansi ikhwime. Ku America kuli makampani monga Genomic Prediction, Orchid ndi Nucleus Genomics amene amayeza miluza n'kupatsa makolo ziwerengero zosonyeza mwayi woti mwana adzadwale matenda akutiakuti, ndipo ena afika ponena za kutalika ndi nzeru. Mabungwe a akatswiri a majini achenjeza kuti ziwerengerozi n'zosadalirika mokwanira, ndipo popeza zambiri zinachokera pa kafukufuku wa anthu a ku Ulaya, zimalephera kwambiri pa anthu a mu Africa. Ngakhale ziwerengerozo zikhale zolakwika, zimasintha mmene kholo limaonera mwana. Mwana amene wasankhidwa chifukwa cha lonjezo loti adzakhoza masamu amabadwa ali ndi ngongole, ndipo akadzakonda kuweta mbuzi kapena kuimba, makolo amene analipira adzaona ngati china chake chalakwika. Makolo athu ankalandira mwana ngati mlendo amene sunamusankhe koma uyenera kumusamalira, ndipo pa mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe panalibe mawu oti uyambe wafunsa za luso lake.

Pa malamulo, mayiko sali pamodzi. Pangano la ku Oviedo la 1997, limene mayiko ambiri a ku Ulaya anasaina, limaletsa kusintha majini m'njira yoti kupitirire kwa mbadwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ake mu Julayi 2021, ndipo msonkhano wachitatu wa akatswiri oona za kusintha majini a munthu, umene unachitikira ku London mu Malichi 2023, unanena kuti kusintha miluza yoti ibadwe n'kosavomerezeka pakali pano. Mawu akuti pakali pano amandidetsa nkhawa, chifukwa akhoza kumveka ngati chotsalira n'kungonola lumo kuti lizidula molondola, pomwe mafunso a amene ayenera kusinthidwa, amene angasankhe ndi amene angakwanitse sadzayankhidwa ndi kulondola kwa zipangizo.

Pali chifukwa choti ife a kuno tisaone nkhaniyi ngati ya kutali. Ntchito yoletsedwa m'dziko lina imasamukira kumene malamulo ali chete. Dokotala wina wa ku New York, John Zhang, pofuna kugwiritsa ntchito njira yophatikiza mbali za mazira a amayi awiri imene sakanaloledwa kuimaliza ku America, anakaimalizira ku Mexico, ndipo mwanayo anabadwa mu 2016. Ku South Africa, malangizo a boma a kafukufuku wa zaumoyo amene anatuluka mu Meyi 2024 anali ndi ndime imene akatswiri ambiri anaiwerenga ngati ikutsegula khomo la kusintha miluza yoti ibadwe, ndipo panabuka mkangano waukulu, ena akunena kuti ndimeyo ikusemphana ndi lamulo la zaumoyo la dzikolo la 2003. Munthu wofuna kubwereza zimene He Jiankui anachita angaone dera lathu ngati malo oyenera, popeza HIV ndi yofala, sickle cell ilipo, mabanja ofuna mwana ndi ambiri ndipo ndalama zochepa za kunja zimagula zambiri. Sadzabwera akunena kuti akufuna kupanga anthu apamwamba. Adzabwera ndi mawu oti akufuna kupulumutsa ana a mu Africa.

M'Malawi kafukufuku wokhudza anthu amadutsa m'makomiti monga National Health Sciences Research Committee ndi komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, pansi pa uyang'aniro wa National Commission for Science and Technology. Ndikufuna kuti mabungwe amenewa, pamodzi ndi Nyumba ya Malamulo, akambirane nkhaniyi pempho loyamba lisanafike patebulo, ndi kulemba momveka bwino kuti kuchiza wodwala amene wavomera yekha n'kololedwa ndipo tikukufuna, koma kusintha mluza woti ubadwe n'koletsedwa. Pa zokambiranazo pasakhale madokotala ndi maloya okha. Pakhale anthu amene ali ndi HIV, makolo a ana a sickle cell, mabungwe a anthu olumala ndi a anthu achialubino, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo, ndipo zikambidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao pa wailesi, kuti mayi amene tsiku lina angadzapatsidwe chikalata choti asaine akhale atamvapo kale za CCR5 ndi za zimene zinachitikira mabanja a ku China.